Ndinamuuza Kuti Ndi Gulukosi

Aphungu,

Sindine munthu wolemba makalata ku kanyuzi kathu ka Amalawi a ku Midlands. Ndimakawerenga ndithu, makamaka tsamba lanuli, kuti ndione amene wathawidwa ndi mwamuna mwezi uno, koma sindinaganizepo kuti tsiku lina nanenso ndidzaima pamzere womwewo. Ndalemba chifukwa nkhaniyi si yanga ndekha. Ikanakhala yanga ndikanaimeza monga ndamezera zina zambiri.

Ndili ndi mwana, dzina lake Wongani. Sindinamubereke ine. Ndi mwana wa malemu mchimwene wanga, ine ndine azakhali ake. Ndinamutenga mu 1990 ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, bambo ake atangoikidwa m'manda, ndipo ndamulera ndekha m'kafulati kanga ka ku Sparkhill, pamwamba pa shopu ya nsalu. Tsopano ndi msilikali wa dziko lino, ali ku kampu ina ya kumpoto. Atalowa usilikali, madokotala ndi maakauntanti a kutchalitchi kwathu anabwera kudzandipepesa ngati kwagwa maliro. Mmodzi anati, "Mwana wanzeru chonchi, bwanji simunamukakamize yunivesite?" Ndinamuyankha kuti yunivesiteyo inenso ndinapondako, ndikuidziwa, ndipo ndikuona kuti mpaka lero sinayambe kuphunzitsa anthu kutseka pakamwa.

Iwo sadziwa kuti kwathu usilikali si tsoka. Bambo anga anali sajeni ku Zomba. Ndinakulira m'malaini a asilikali, kumene munthu amadzutsidwa ndi lipenga, chifunga chisanachoke m'phiri. Mpaka pano ndikamva fungo la polishi ndimaona bambo atakhala pakhonde Lamlungu masana, akupukuta jombo mpaka uzidziona nkhope. Bandi ikamayeserera, ife ana tinkaguba kuseri kwa waya, mapesi ali paphewa, mchimwene wanga uja akutilamula ngati mkulu wa nkhondo.

Bambo anali ndi chitini chobiriwira, cha tiyi wakalekale, chopindika pakona imodzi. Akamanyamuka ulendo wa ntchito, amayi ankachidzaza mtedza wokazinga, n'kutseka, n'kuwapatsira ndi manja awiri. Bambo sanatsegulepo kuti aone zam'kati. Inu mukudziwa, Aphungu, kuti kwathu munthu akakupatsa kamba wa paulendo sutsegula pamaso pake, ndipo sufunsa kuti muli chiyani. Umangothokoza n'kunyamuka.

Pa katundu yense wa bambo ndinatenga chitini chokhacho. Chinakwera nane ndege mu 1988, ndikutsatira mwamuna amene anabwera kudzaphunzira kuno. Digiri anaipeza, anapezanso mkazi wina. Chitini chinatsala ndi ine. Tsopano Wongani akamabwerera kukampu ndimachidzaza monga ankachitira amayi, iye n'kudzachibweza chopanda kanthu akabwera pa holide.

Pa Isitala anabwera ataonda, makutu okha ali njo. Anandiuza kuti amusankha kukachita kosi yoti akapambana adzavala kamzere koyamba pamkono, chiyambi cha njira yomwe anayenda agogo ake. Koma pakosipo pali mayeso othamanga atasenza chikwama cholemera ndi mfuti, ndipo iye amatsalira pamitunda. "Miyendo imafa, Anti," anatero m'Chichewa chake chotsimphina chija. Kenako anabwerera ku Chingerezi, monga amachitira ana onse a kuno nkhani ikafika pamtima.

Apa ndi pamene mutu wanga unabwerera ku fomu 3. Ine ndinali wothamanga, Aphungu, wa mamita 800, ndipo m'chigawo chathu chonse panalibe mtsikana amene ankaona nkhope yanga tikayamba liwiro. Onse ankaona msana. Tinkathamanga opanda nsapato, siketi titaipisira m'kabudula. Tsiku la mpikisano wa masukulu aphunzitsi a zamasewero ankabwera ndi kabokosi ka gulukosi, n'kutiimika pamzere, zikhatho titatambasula. Ankathira pang'ono, ife n'kunyambita mpaka m'mipata ya zala. Kanali kozizira palilime ngati madzi a mumtsuko. Amene sanasankhidwe ankatiyang'ana ndi njiru, milomo yathu ili mbuu. Ukanyambita unkaona ngati bwalo lafupika. Palibe chakudya cha m'dziko lino chimene chandikomerapo ngati kaufa kaja.

Ndiye ndinati mwanayu akusowa gulukosi basi.

Ndimagwira ntchito ku Nechells, pakampani yochapa nsalu za m'mahotela. Ndimasita. Khomo loyandikana ndi lathu ndi jimu yolimbitsirako thupi, shedi chabe yodzaza zitsulo ndi wailesi yoboola makutu. Woyang'anira pamenepo ndi Wallace, mnyamata wa ku Chipata, amene timapemphera naye akakumbukira kuti kuli Mulungu. Nditamufotokozera anaseka. "Amai, gulukosi ni vakudala ivo. Manje kuli ichi." Anatulutsa chigubu chachikulu chapulasitiki pansi pa tebulo, akuti chochokera ku America. "Ni gulukosi yamene, koma anaikamo vitsamba. Natural. Supuni imodzi mu madzi akalibe kuthamanga, azauluka mwana wanu."

Ndinagula. Nditafika kunyumba ndinaona kuti chigubucho sichingalowe m'chikwama cha mwana, ngakhale ufa unali theka lokha, monga amachitira ogulitsa a kuno. Komanso pachigubupo panali chithunzi cha mwamuna wovala kabudula wam'kati yekha, thupi lonse lili noninoni ndi mafuta. Sindikanapatsira mwana wa mchimwene wanga chinthu chotere m'manja. Ndipo kamba wa m'nyumba yathu amayenda m'chitini chobiriwira, si m'zigubu za anthu amaliseche. Ndinakhuthulira ufawo m'kathumba koyera, n'kuika pansi pa chitini, mtedza pamwamba. Chigubu ndinaikamo nyemba, bambo wamafutayo n'kumutembenuzira kukhoma.

Pasiteshoni ya mabasi ku Digbeth ndinamupatsira ndi manja awiri. Ndinati, "Pansi pa mtedza pali gulukosi. Supuni imodzi m'madzi usanathamange. Ndi zimene ankanyambita azakhali ako akamasiya anzawo m'fumbi." Anaseka n'kuti, "Thanks, Auntie." Sanatsegule. Ndinamulera bwino.

Poyamba mafoni ake anali okoma. Ankati akukwera mitunda ngati palibe chikwama, ndipo akuluakulu ayamba kumutchula dzina. Ine kutchalitchi ndinkayenda khosi lili mmwamba.

Lamlungu lapitali anaimbanso, pafoni ya ndalama ya kukampu. Mawu ake anali othamanga ngati akupikisana ndi wina. Anati tulo sakupeza. Mtima ukugunda gu gu gu ngakhale atangokhala pabedi. Kophunzira kuwombera mfuti, manja akunjenjemera, moti kopolo wake anamufunsa ngati wayamba mowa. Tsiku lina atamaliza kuthamanga anasanza, m'maso n'kuchita mdima. Ndipo si yekha: wakhala akugawira mnzake wa m'chipinda, mnyamata wa ku Dudley, chifukwa ndine ndinamuphunzitsa kuti kamba sadya wekha anzako akuyang'ana.

Kenako ananena zimene zandilembetsa kalatayi. Akuti ku gulu loyandikana ndi lawo kunabwera anthu oyeza mkodzo, osachenjeza. Anatseka geti, aliyense n'kumupatsa kabotolo, ndipo anyamata awiri tsopano alongedza katundu. Akutinso poyendera makabati sajeni wawo anatsegula chitini cha bambo anga, n'kutapa mtedza, n'kuyamikira kuti ndi wokazinga bwino. Dzanja lake silinafike pansi.

Ndiye mwana anafunsa, mawu atatsitsa: "Auntie, what's in it? Really?"

Aphungu, magazi anandikwera. Ndinati, "Ukundifunsa ine? Ine amene ndinakuchotsa nsabwe m'mutu utangotsika ndege? Ndikanafuna kukupha ndikanadikira kuti ukule, nditaononga kale chakudya changa?" Iye anangoti, "Sorry, Anti. Pepani." Foni ndinaika pansi ndine.

Mkwiyo utatsika ndinatsitsa chigubu, n'kukhuthulira nyemba m'beseni, n'kumutembenuza bambo wamafuta uja kuti ndiwerenge kumsana kwake. Chingerezi sichindivuta. Gulukosi mulimo ndithu, koma ali kumapeto. Pamwamba pake alemba caffeine, guarana, ndi china chotchedwa ma huang. Pansi penipeni, m'tizilembo tofuna magalasi, akuti odwala mtima asamwe, ndipo ochita masewero amene amayezedwa ayambe afunsa.

Lolemba ndinamupeza Wallace akupukuta zitsulo zake. Anati, "Ah, amai, simunakambe ati ni soja." Ndinanena, Aphungu, ndinanena kawiri. Kenako anandipatsa nzeru yake: "Muuzeni ataye mu toileti, amwe madzi yambili, akhale zii. Akakamba kwa dokotala wa kampu ninshi azipeleka yeka."

Ndikudziwa zimene mukufuna kunena, ndiye ndikutsekerenitu khomo. Alipo munthu amene angawerenge chigubuchi n'kumvetsa zonse. Ndi Helen, katswiri wa mankhwala pachipatala cha ku New Cross. Tinkagona chipinda chimodzi ku yunivesite, tinkabwerekana nsapato, ndipo masamu a chaka choyamba ndinkamuphunzitsa ndine pansi pa mtengo wa jakaranda. Iye anamaliza. Ine ndinatuluka chaka chachitatu, ndipo chifukwa chake ndi changa. Pa phwando la 6 July chaka chatha anandigwira paphewa pamaso pa alendo n'kunena kuti, "Uyu anali wanzeru kuposa tonsefe." Anali. Ndinaika mbale pansi n'kukakwera basi, ndipo kuchokera tsikulo sitinalankhulane. Sindingapite kwa Helen nditanyamula chigubu cha munthu wamaliseche kukamuuza kuti wanzeru uja sanawerenge.

Mayeso othamanga aja ali kumapeto kwa mwezi uno. Wongani ndikumudziwa: popeza ndamukalipira, apitiriza kumwa kuti ndisaone ngati akundikayikira. Ndimuuze ataye mwakachetechete monga akunenera Wallace? Nanga oyeza aja akafika mawa? Akapita kwa dokotala, sadzichotsetsa ntchito yekha? Mwanayu akabwerera ku Sparkhill atavulidwa yunifolomu, adzakhala wachiwiri m'nyumba ino kusiya chinthu panjira, ndipo ameneyo ndidzakhala nditamusiyitsa ndine.

Ndithandizeni, koma musandilalikire. Maulaliki ndimamva Lamlungu.

D.M.
Sparkhill, Birmingham


Mayi D.M.,

Sindikulalikirani, nthawi yake palibe. Yankho ili ndalitumizanso pa positi lero lomwe, chifukwa mtima wa mwana sungadikire kanyuzi kotuluka kamodzi pamwezi. Mayina a anthu anu ndawasintha ndisanapereke kosindikiza.

Musanamalize n'komwe kuwerenga, imbani foni kukampu. Musadikire Lamlungu kuti aimbe yekha. Imbani ku ofesi ya pageti, musiye uthenga woti Wongani aimbe kunyumba msanga. Wolandira foniyo musamufotokozere nkhani. Mwana akaimba, mawu anu oyamba akhale awa: "Unafunsa bwino. Si gulukosi. Usamwenso ngakhale kasupuni, ndipo umuuze mnzako asiye lero." Mwanena nokha kuti akumwabe pofuna kukulemekezani. Ndiye palibe dokotala kapena sajeni amene angamuletse msanga kuposa inu.

Mukuopa kwambiri za yunifolomu, koma ine chandiopsa ndi mtima. Ma huang ndi chitsamba ndithu, pamenepo Wallace sananame, koma fodya nayenso ndi chitsamba. Muli mankhwala otchedwa efedirini, amene amathamangitsa mtima ndi kukweza magazi. Mukaphatikiza ndi caffeine ndi guarana, amene ntchito yawo ndi yomweyo, n'kumusenzetsa munthu chikwama kuti akwere phiri thupi litatentha, mukuyendetsa galimoto yopanda mabuleki pamtsetse. Kusagona, kunjenjemera, kusanza ndi mdima wa m'maso uja si zizindikiro zoti mankhwala akugwira ntchito. Ndi thupi likukana. Mumuuze kuti akamva kupweteka pachifuwa, chizungulire, kapena mtima ukudumphadumpha, apite kuchipatala cha kampu nthawi yomweyo, asadikire chilolezo cha azakhali.

Nzeru ya Wallace isiyeni kushedi komweko. Iye akuteteza shedi yake, si mwana wanu. Taganizani bwino. Wongani akataya ufawo n'kukhala chete, oyeza aja n'kufika, n'kupeza kanthu m'kabotolo, adzanena chiyani? Kuti azakhali anandipatsa ufa woyera wopanda dzina, ndinamwa, ndinagawira mnzanga, ndipo nditamva kuti mukubwera ndinautaya m'chimbudzi? Inuyo mutakhala mkulu wa asilikali mungamukhulupirire? Nkhani yomweyo, ikanenedwa ndi mnyamata amene wabwera yekha kwa dokotala asanaitanidwe, ufa uli m'manja, imamveka mosiyana kwambiri.

Sindikunamizani: sindikudziwa ngati zili m'chigubu chanucho zili m'gulu la zimene asilikali amachotsera munthu ntchito. Wallace sakudziwa, inunso simukudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti zaka zingapo zapitazi asilikali a dziko lino anayamba kuyeza anthu awo mwadzidzidzi, ndipo opezeka ndi mankhwala oletsedwa kawirikawiri amapita kwawo. Ndikudziwanso kuti ufa wotuluka pansi pa tebulo la jimu nthawi zina umakhala ndi zina zimene pachigubu sanalembe. Amene angayankhe funso lanu ndi dokotala wa kampu, ndipo ndi yekhayo amene angamvetsere mtima wa mwanayo n'kunena ngati ali woyenera kuthamanga mwezi uno. Apite akanene zonse mwandondomeko: wamwa kuyambira liti, wochuluka bwanji, akumva bwanji, anamupatsa ndani. Mnzake wa ku Dudley apite naye limodzi. Kumubisa mnyamata ameneyo ndi kumusiya yekha pangozi imene sanaipemphe.

Asapite chimanjamanja. Dokotala sangachite kanthu ndi kathumba kopanda dzina. Akufuna chigubu chenichenicho, ndi bambo wake wamafuta yemweyo. Musachitsuke, musamatule kanthu. Lembani kalata yaifupi ya Chingerezi chanu chabwinocho, yonena kuti munagula ndinu, munagula kuti, munakhuthula ndinu, ndipo munamuuza kuti ndi gulukosi chifukwa nanunso munauzidwa choncho. Sainani dzina lonse. Ngati mungapemphe tsiku kuntchito, kwerani basi mukapereke nokha pageti. Nsalu za m'mahotela zidikira.

Mwina dokotala adzati kosi ya mwezi uno aisiye kaye. Zikatero musakwiye, ndipo musamukwiyitse mwana. Kosi imabweranso. Kuchedwa kuvala kamzere si kusiya chinthu panjira, ndipo musamusenzetse mwanayu nkhani yanu ya chaka chachitatu. Chikwama chimene ali nacho n'cholemera kale.

Tsopano khomo lija munanditsekera. Ndalowera pazenera. Pitani kwa Helen musanakwere basi. Akuwerengereni chigubucho, akulembereni papepala mayina enieni a mankhwalawo monga amawatchulira madokotala, kuti wa kukampu asataye nthawi. N'zoona, aliyense wa m'shopu ya mankhwala ya kwanuko pa Stratford Road angathe kuchita zimenezi, ndipo ngati Helen simumupeza lero pitani kumeneko. Koma wa pa Stratford Road sadzakuimbirani sabata yamawa kufunsa kuti mwana wadzuka bwanji. Inu munamva "anali". Ine ndikuganiza kuti mnzanuyo ankauza anthu a madigiri aja kuti asamale polankhula nanu, lilime n'kumupulumuka. Kaya ndalondola kaya ndaphonya, simukupita kukapempha digiri. Mukupita ndi moyo wa mwana wa mchimwene wanu. Ndipo musadzipeputse kuti simunawerenge. Simunawerenge chifukwa mumaganiza kuti mukudziwa kale, matenda amene ndawaona mwa anthu ambiri omaliza sukulu kuposa osamaliza.

Wallace mumuuze mawu amodzi okha, kuti chigubu chake chikupita kwa dokotala wa asilikali ndi kalata yotchula kumene chinagulidwa. Zotsalazo aganiza yekha.

Gulukosi uja inenso ndinanyambita, mayi. Ine ndinali wa mtunda waufupi, ndipo ndinkafika wachinayi chaka chilichonse, milomo ili mbuu ngati wopambana. Ndikamakumbukira tsopano ndimaona kuti kaufa kaja kanali shuga chabe. Chimene chinkatithamangitsa chinali kuimikidwa pamzere uja, aphunzitsi n'kukuyang'ana m'maso pothira, sukulu yonse ikuona kuti iwe ndiwe wodaliridwa. N'zimene munkafuna kumupatsa Wongani, ndipo munamupatsa kale pa Digbeth, musanatchule n'komwe za ufa. Koma kumbukiraninso kuti aphunzitsi aja ankathira poyera, kuchokera m'kabokosi kolembedwa dzina, pachikhatho chotambasula.

Kwa nonse amene muli ndi ana ku usilikali, ndipo mukuchuluka: thupi la msilikali limayang'aniridwa ndi malamulo amene ife a kunja sitiwadziwa. Ufa wa ku jimu, mapiritsi ochepetsa thupi, mizu imene alendo amatibweretsera kuchokera kumudzi, ngakhale mankhwala ena a chimfine a m'shopu, zonsezi mwana ayambe wafunsa dokotala wa kampu asanaike pakamwa. Musamupatse kanthu kamene mwakachotsa m'chotengera chake. M'kabati ya msilikali, chinthu chopanda dzina chimakhala ndi dzina limene wochipezayo angachipatse.

Chitini cha asajeni chikabwerako, chitsukeni ndi sopo, chiume padzuwa ngati lingatuluke. Mudzachidzazenso mtedza. Amayi anu ankatseka chivindikiro bambo anu osafunsa, chifukwa chilichonse cham'katimo chinadutsa m'manja mwawo kuyambira kumunda mpaka pachiwaya. Ulendo uno inu munatseka chinthu chimene simunachidziwe, mwana n'kuchilandira ndi ulemu umene munamuphunzitsa. Ndiye pa Digbeth ulendo wotsatira musadikire kuti afunse, chifukwa pambuyo pa Lamlungu lija sadzafunsanso. Mudzatsegule nokha chivindikirocho pamaso pake, mulowetse dzanja mpaka pansi, aone.

Aphungu